Tiyeni Tizipita Kwathu

Sendezani mbaulayo kuno, magetsi amenewa lero atitaya basi. Mafoni anuwonso muike pansi, ana inu, kamoto katsalako mudzakafune mawa. Mwakhala mukundivutitsa kuti ndikuuzeni za masiku amene ndinkagwira ntchito m'ndege, ndipo ndikudziwa kuti mukudikira za mahotela ndi mafuta onunkhira. Zimenezonso zinaliko. Koma ndikamva fungo la makala onyowawa, chimene chimandibwerera mumtima ndi china.

Ntchito ya uhositesi ndinaiyamba ndili mtsikana woonda ngati bango. Musaseke, thupi mukulionali linabwera pambuyo. Tsiku limene ndinavala yunifolomu koyamba, kampango pakhosi, nsapato za gogoda kumapazi, ndinayenda m'mudzi monse ngati ndatumidwa, chonsecho ndinkangofuna kuti andione. Anandionadi, mpaka agalu.

Kwathu ndi kwa Kuntaja, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka, moti ndege ikamatera malata a nyumba yathu ankanjenjemera. Anthu a m'mudzimo anazolowera, ngakhale nkhuku zinasiya kuthawa. Amene sanazolowere anali amayi anga okha, Anangozo. Ndege ikangomveka ankasiya chilichonse, kaya ali pamtondo kaya ndiwo zili pamoto, n'kutuluka panja dzanja lili pamphumi, kuiyang'ana mpaka itabisika kuseri kwa mitengo. Ndiwo zambiri zinapserera pakhomo pathu chifukwa cha ndege. Ine ndili mwana ndinkachita nazo manyazi, poti anzanga ankandiseka kuti amayi ako akufuna kukwera ulele.

Chifukwa chake ndinachidziwa nditasinkhuka. Bambo awo, agogo anga a Zakeyu, anapita kumigodi ya ku Joni pa nthawi ya Wenela, amayi ali kamtsikana kongoyamba kugweluka mano. Anakwerera pa Chileka pomwepo. Potsanzika anawanyamula n'kuwauza kuti, "Ukamamva ndege uzituluka. Tsiku lina m'menemo mudzakhala ine." Anzawo anabwerako ndi mawailesi ndi mabulangete, iwo ayi. Panalibe uthenga wa maliro, panalibe wina woti anawaona. Anangosanduka mtchona, ndipo mwana uja anakula, kukwatiwa, kubereka ife, kuchita imvi, akutulukabe.

Pamene ndinkayamba ntchito n'kuti amayi atayamba kudwala. Miyendo inkatupa, mpweya unkawathera akangoyenda pang'ono. Komabe ndege ikamveka ankagwira khoma, kudzikoka mpaka pakhonde. Kuchipatala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mtima wawo watopa, tisamayembekeze zambiri.

Madzulo oti mawa ndinyamuka ulendo wanga woyamba, anandikhazika pamphasa.

"Elube, zinthu ziwiri," anatero. "Choyamba, pamalo pachilendo paliponse pamene wagona kapena wakhalitsa, pochoka uzidziitana. Uzinena kuti, Elube, tiye kwathu. Mzimu wa munthu umachedwa ndi kuonerera, umatha kutsala. Ndinkakuitana choncho uli kumbuyo kwangaku, kumunda ndi kumtsinje komwe."

"Amayi, kunjatu anthu andiseka."

"Akuseke, bola ubwere wathunthu. Chachiwiri, tsiku limene udzafike ku Joniko, ukandifunsireko bambo anga. A Zakeyu Ngozo, aatali, a mpata kumano."

Ndinavomera ngati mmene timavomerera zonena za odwala.

Ha, masiku amenewo! Sindikudziwa ngati ndidzakondwenso chomwecho. Tikafika dziko lina ankatigoneka kuhotela, ndipo tsiku lodikira ndege yobwerera linali lathu. Ine ndi mnzanga Rozina, mtsikana wa ku Zomba wapakamwa ngati wailesi, sitinkakhala pansi. Ku Nairobi tinapita kukaona nyamalikiti, ina n'kundinyambita dzanja ndi lilime lake lakudalo, ndinakuwa mpaka azungu anandijambula ine m'malo mojambula nyamayo. Ku Dar es Salaam ndinalowa m'nyanja ndi siketi, ndinatunga madzi m'manja kuti ndilawe ngati mcherewo ndi woona. Ndi woona, ana inu, ndinalavula tsiku lonse. Ndinagula kakamera ka filimu, ndipo zithunzi zonse ndinkapita nazo kwa amayi. Ankaziyang'ana mofulumira, n'kufunsa funso lomwelo: "Nanga ku Joni?"

Ndipo kulikonse ndinkadziitana. Ndikatseka sutikesi m'chipinda cha hotela, ndinkaima pakhomo n'kunong'ona kuti, "Elube, tiye kwathu." Poyamba ndinkachita mongokwaniritsa, kenako pakamwa panazolowera.

Wamkulu wathu m'ndegemo anali a Ndovi, bambo wa ku Rumphi, waimvi m'mbali mwa makutu, amene anakalambira m'mwamba. Ankaona chilichonse. Supuni ikapendekeka pathireyi ankangoiyang'ana, iwe n'kumva ngati wapalamula mlandu wakupha. Tinkawaopa koopsa, ngakhale kumbali tinkayeserera kayendedwe kawo.

Ku Joni ndinafikako m'nyengo yozizira. Nditangoona kukula kwa mzindawo tili m'mwamba, mtima unagwa. Ndikafunsa ndani za munthu wamtali wa mpata kumano? Kunali ngati kufunsa za njere imodzi ya mapira m'nkhokwe. Mawa lake ine ndi Rozina tinapeza takisi ya bambo wina wachikulire kuti ationetse mzinda. Anatizungulitsa m'misika ndi m'manyumba ataliatali, Rozina akugula nsapato ngati ali ndi miyendo isanu ndi umodzi. Dzuwa litapendeka ndinamupempha bamboyo kuti ationetseko migodi yakale.

Anatitengera kunja kwa mzinda, kumene kuli milu ya dothi lachikasu lotuluka pansi, ikuluikulu ngati mapiri odulidwa pamwamba. Tinatsika kuti tijambulitse. Kuseri kwa mulu wina ndinaona mpanda wa waya wakugwa, m'kati mwake udzu wofika m'chiuno. Nditasuzumira ndinaona tizitsulo tadzimbiri tozikidwa m'mizere, tili ndi manambala okhaokha. Dzina ngakhale limodzi panalibe.

"Amenewo ndi amene anachokera kutali, abale awo osabwera kudzawatenga," anatero bambo uja m'Chingerezi. "Ambiri ndi a kwanu komweko."

Rozina anasiya kulongolola, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Sindinalire, koma ndinamva chisoni chachikulu, chosakanikirana ndi kanthu kena ngati kamene umamva ukalowa m'nyumba ya abale ako amene sunawaonepo. Kunali zii. Ngakhale magalimoto a mumsewu waukulu ankamveka ngati ali tsidya lina la dziko.

Nthawi yochoka itakwana ndinakumbukira kuti pamenepa ndakhalitsa, ndiyenera kudziitana. Koma Rozina anali pafupi, ndipo ndinadziwa kuti akandimva ndikutchula dzina langa ndekha, nkhaniyo ikafika ku Chileka ife tisanatere. Komanso pamalo ngati amenewo sindikanatha kunena kuti "tiye", ngati ndikuitana mbuzi. Choncho dzina ndinalisiya, n'kunena mwaulemu, mokweza pang'ono, kuti, "Tiyeni tizipita kwathu, musatsale kuno."

"Ndatsala ine?" anatero Rozina. "Si ndili panoyu?"

Tinaseka. Koma ndikutembenuka ndinaona udzu uja ukuwerama kulozera kumene tinali ife, mphepo kulibe. Titakwera takisi, bambo uja analiza injini, anayenda pang'ono n'kuima. Anatsika, kuzungulira galimoto yonse akumenya matayala ndi phazi. Pobwera anatiyang'ana pagalasi n'kufunsa ngati taika miyala m'zikwama.

Ndege yobwerera inanyamuka madzulo, ndipo sinadzaze. Mizere ya kumbuyo inali yopanda anthu, ndipo kumbuyoko n'kumene ankaika ife atsopano. Tisananyamuke ntchito yanga inali kuwerenga okwera. Ndinawerenga, nambala inaposa ya a Ndovi. Ndinabwereza, inaposanso, koma mosiyana ndi poyamba. A Ndovi anabwera okha, kuwerenga mwakachetechete, n'kupeza yokwanira.

"Kusukulu masamu ankakuphunzitsa ndani?" anandifunsa.

Ndinangoti pepani. Koma podutsa kumbuyo kuja ndinaona kuti malamba a mipando yopanda anthu ija ndi omangidwa, onse, ndipo sanagone pampando ngati mmene amakhalira. Anali otukuka pang'ono, ngati azungulira kanthu. Ndinadziuza kuti ndi ntchito ya okonza m'ndege.

Tili m'mwamba kunayamba fungo. Silinali loipa ayi. Linali la mwala wonyowa, kusakanikirana ndi fodya wopota ndi sopo wofiira uja wakale. Ndinakankha kangolo kanga ka tiyi kuchokera kutsogolo, ndikumwetulira monga anatiphunzitsira, ndipo nditafika kukakhitchini ka kumbuyo ndinapeza ketulo ilibe kanthu ndi makapu atatha. Ndinabwerera kukaona. Timatebulo ta mizere yopanda anthu ija tinali totsitsidwa, pa kalikonse pali kapu, m'kapumo mwatsala shuga yekha pansi. Kodi ndinathira ndine? Mpaka lero sindikumbuka. Chimene ndikukumbuka n'chakuti dzanja langa lamanja linali lotopa ngati ndathirira anthu a pamaliro.

Titatera pa Chileka anthu anatsika, ifenso tinatenga zikwama zathu. Potuluka ndinacheuka. Malamba aja anali akadali omangidwa.

Sabata imeneyo ndinayenda ndi ndege yomweyo kupita ku Nairobi ndi ku Harare, ndipo zinthu zinkangowonjezereka pang'onopang'ono. Anthu amene ankapatsidwa mipando ya kumbuyo ankapempha kusamuka. Ena ankati kukuzizira, mayi wina anangoti, "Mwanawe, pamenepa ndikumva ngati ndakhalira munthu." Khanda lina linakhalira kusuzumira paphewa pa amake, kumaseka ndi kutambasulira manja mpando wopanda kanthu. Belu loitanira hositesi linkalira kumzere wotsiriza, ndikapita ndipeza palibe. Amakanika anabwera kuona mawaya, anapeza ali bwino. Amayi okonza m'ndege anayamba kulowa awiriawiri, akuimba nyimbo za kutchalitchi. Ndipo nthawi zonse ndege ikamayandikira Chileka, pansi pa mipandoyo pankamveka kusuntha kwa mapazi, kolemera, ngati kwa anthu ovala majombo amene akukonzeka kuimirira. Tikatera, phokosolo linkatha. Tikanyamukanso, kunkamveka ngati wina wausa moyo.

Tikuchokera ku Harare ndinali ndekha kukakhitchini kaja, ndikupukuta thireyi, nyale zitachepetsedwa kuti anthu apume. Kumbuyo kwanga, pafupi kwambiri, mawu a bambo wachikulire anati, "Kambalame."

Mawuwo sanali oopseza. Anali ofatsa, ofunsa, ngati a munthu amene sakutsimikiza kuti wakuzindikira. Kwathu amati mawu osaona mwini wake suyankha, choncho ndinaluma mlomo n'kupitiriza kupukuta thireyi youma kale.

"Kambalame," anabwerezanso. "Sitinafikebe?"

Ndinathawira kutsogolo, gogoda yense kuiwalika. Rozina anandifunsa chimene chandigwira, ine ndinati m'mimba.

Tsiku langa lopuma ndinapita kumudzi. Ndinapeza amayi atafooka kuposa kale, atagona pamphasa pafupi ndi chitseko kuti ndege ikamveka ulendo wa pakhonde ufupike. Ndinawaphikira phala, ndipo akumwa ndinafunsa ngati mocheza.

"Amayi, Kambalame ndi ndani?"

Supuni inagwera m'mbale. Anandiyang'ana maso ali ndi misozi.

"Dzina limenelo wakuuza ndani? Amene ankalidziwa onse anatha. Ankandiitana choncho ndi bambo anga okha, poti ndinkathamangira ndege manja ali tambasu." Anandigwira mkono, ndipo mphamvu zimene anandigwira nazo sindikudziwa kumene anazitenga. "Elube, wawaona?"

Ndinawauza zonse, za tizitsulo tija, za udzu, za malamba. Ndinkaganiza kuti achita mantha. M'malo mwake anakwiya.

"Ndiye bambo anga akhala akutera pa Chileka pano sabata yonse, ine n'kumatuluka kuwayang'ana, iwe osawatsitsa? Mwana wopanda nzeru iwe! Ukufuna adzandipeze ndili kumanda?"

Ndinabwerera kuntchito mtima uli m'malere. Kutsitsa munthu wosaoneka umayamba bwanji? Nditafika ndinamva nkhani ina imene inandimaliza. Ndege ija inali yobwereka, ndipo nthawi yake inali itatha. Inatsala ndi ulendo umodzi wa ku Joni, ikabwerako ipite kwa eni ake ku Ulaya, osadzabweranso.

Panalibe kuchitira mwina. Titafika ku Joni ndinakawapeza a Ndovi pamalo odyera kuhotela, akumwa tiyi okha. Ndinakhala pansi osauzidwa, zimene palibe ankayerekeza, n'kufotokoza. Ndinkadikira kuti andiuze kuti ndikatule yunifolomu. Iwo anangosonkhezera tiyi wawo.

"Makapu aja ndinawaona," anatero. "Ndimadikira kuti mwini wake wa nkhaniyi abwere yekha. Tandiuza bwino, pamanda pajapo unanena kuti chiyani?"

"Ndinati, tiyeni tizipita kwathu, musatsale kuno."

"Dzina unatchula?"

"Ayi, bwana."

Anaika kapu pansi. "Mwana iwe! Anthu akhala zaka zonsezi akudikira kuti wina awalankhule m'chinenero cha kwawo, iwe n'kukaima pakati pawo kuti tiyeni? Waitana mudzi wonse." Anapukusa mutu, koma sanaoneke okwiya. "Kuitana waitana bwino. Koma safunsa anadya phula. Iwe sunaperekezepo maliro ochokera kutali? Munthu wotere sumangomunyamula ngati thumba la chimanga. Umamuuza njira. Mtsinje uliwonse umamuuza kuti tikuwoloka, apo ayi amasokonezeka. Ukafika umamuuza kuti tafika, tsikani. Popanda mawu amenewo satsika, ngakhale akuona denga la nyumba yake."

"Ndiye nditani, bwana? Ndegeyi mawa ndi ulendo wake womaliza."

"Unawaitana ndiwe, uwauzenso ndiwe. Mitsinje ndikamupempha kaputeni azindiuza."

"Pachimkuzamawu? Malamulo salola zolengeza zathuzathu."

"Malamulowo ndinayamba kuwasunga iwe usanabadwe," anatero a Ndovi. "Mawa ndidzakhala wogontha."

Tinanyamuka masana, kumwamba kuli mbee. Ndege inali ndi anthu ambiri ndithu, koma mizere ya kumbuyo a Ndovi anaisiya dala, kuwauza okwera kuti mipandoyo ndi yowonongeka. Chitseko chitatsekedwa ndinalengeza zachizolowezi, za malamba ndi makomo otulukira pangozi. Kenako ndinawonjezera m'Chichewa kuti: "Makolo athu amene muli kumbuyoku, tikunyamuka tsopano. Kuno ndi ku Joni. Tikupita kwathu."

Bambo wina wa suti anatsitsa nyuzipepala n'kuseka. Rozina anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Koma kumbuyo kuja kusuntha konse kunaleka, kunakhala bata la anthu amene akumvetsera.

Patapita nthawi a Ndovi anandikodola. Ndinasuzumira pawindo, pansi pali kamzere kamchenga kokhotakhota. "Makolo athu, tikuwoloka Limpopo. Dziko la migodi latsala kumbuyo." Gogo wina wa mpango wakuda, amene anakhala pakati, anatembenuka kundiyang'ana, kenako anayang'ana mipando ija. Anangoika manja pamodzi n'kuyamba kuwomba pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mmene timawombera akuluakulu akamadutsa.

Tiyi ndinathira ndikudziwa tsopano. Kapu iliyonse ndinaiika ndi manja awiri, ndikupinda bondo, shuga masupuni atatu poti anthu akale ankakonda wotsekemera. Sindinayang'ane pamipandopo. M'mbali mwa diso ndinkaona ngati mapewa, ngati zipewa zogwiridwa pamaondo, koma ndikati nditembenuze mutu, panali nsalu ya mpando basi.

Pa Zambezi madzi ankanyezimira ngati malata atsopano. "Tikuwoloka Zambezi. Kwatsala pang'ono." Apa owomba m'manja anachuluka. Bambo wa suti uja anali atapinda nyuzipepala yake, akuyang'ana pawindo, akudzipukuta m'maso mobisa. Pambuyo pake anandiuza kuti amalume ake nawonso anapita osabwerako. Ndani kwathu kuno alibe wake wotere?

Ndege itayamba kutsika, mapiri a kwathu akuonekera, a Ndovi sanachite kundikodola. Mtsinje umenewo ndinaudziwa ndekha. "Makolo athu, uyu ndi Shire." Ndinabwerezanso mokweza. "Uyu ndi Shire. Mwafika m'dziko lanu." Kumbuyo kuja kunamveka kung'ung'udza kwapansipansi, kwa mawu ambiri aamuna, nyimbo imene sindinaimvepo ndipo sindinaimvenso. Ena amati inali injini. Injini ndinazimva zaka zambiri, ana inu, siziimba choncho.

Titatera anthu anatsika mwakachetechete ngati akutuluka m'tchalitchi. M'ndege tinatsala ine, Rozina ndi a Ndovi. Dzuwa linali litafiira. Ndinaima pakhomo pamene timaima potsanzika okwera, n'kunena popanda chimkuzamawu, "Tafika. Pano ndi pa Chileka, pamene munakwerera. Tsikani, aliyense alowere kwawo."

Poyamba kunalibe kanthu. Kenako lamba mmodzi anati khethe. Wina khethe. Kenako onse, motsatizana, mzere ndi mzere. Kamphepo kozizira kanadutsa pakati pa mipando, fungo la mwala wonyowa lija lili ndi ife pamphuno, ndipo masitepe achitsulo otsikira anayamba kulira ndi kugwedera ngati pakutsika anthu onyamula katundu. Rozina anabisa nkhope paphewa panga. A Ndovi anaima chilili, manja kumbuyo, akuweramitsa mutu kwa aliyense monga ankachitira ndi okwera olemekezeka. Ndinawamva akunena m'Chitumbuka kuti, "Mwende makora." Atandiona ndikuwayang'ana anati, "Ena mwa iwowa ndi akwathu. Ulendo wawo ukadali wautali."

Masitepe atasiya kulira, a Ndovi anandiuza kuti ndizipita, zotsala amaliza okha. "Ndipo panjira usacheuke," anatero.

Ndinavula gogoda n'kuyenda wapansi, njira yachidule yodutsa m'minda. Nditangopitirira mpanda wa bwalo la ndege ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anali a munthu mmodzi, wa majombo, woyenda mosathamanga. Ndikaima ankaima. Mantha anali atandithera, m'malo mwake ndinkamva ngati mwana amene watumidwa kukachingamira mlendo kubasi. Ndinayamba kuwauza njira. "Apa pali mjigo, kale munasiya pali dambo. Sukulu iyi ndi yatsopano. Mtengo wa mango uwu amati munadzala ndinu, taonani mmene unakulira." Pa mango paja mapaziwo anaima nthawi yaitali, ine n'kudikira, nkhope ili kutsogolo.

Tinafika pakhomo kukuyamba mdima, utsi wa m'makhitchini uli pansipansi. Galu wathu, amene ankauwa ngakhale abusa, anangobwera kudzagona pansi mchira ukugunda dothi, maso ake ali kumbuyo kwanga. Chitseko chinali chotseka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiodire, koma mawu ena ananditsogolera, pamwamba pa phewa langa.

"Odi."

Kenako ndinamva amayi akuyankha, ndipo mawu amenewo sanali a mayi wodwala mtima. Anali aang'ono, a kamtsikana.

"Odini, bambo. Lowani. Mwachedwatu."

Amayi anandiuza kuti ndiyale mphasa yatsopano, nditenthe madzi osamba, ndiphe nkhuku yathu yoyera. Ndinachita zonse. Chakudya ndinaika pamphasapo n'kutuluka kukakhala kukhitchini, poti nkhani za mwana ndi bambo wake si zomvetsera. Ndinkangomva mawu a amayi akukwera ndi kutsika, akutchula mayina athu mmodzimmodzi, amene anabadwa ndi amene anamwalira. Penapake anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo chibadwire.

Kutacha ndinapeza amayi atakhala tsonga pamphasa yawo pafupi ndi chitseko, lichero pamiyendo, akusenda mtedza. Madzi aja anali atachepa m'beseni, ndipo anali achikasu. Amayi anakhala nafe mpaka mvula yoyamba, ndipo anapita ali m'tulo, nkhope ili yosalala.

Koma chimene ndimafuna mumve ndi cha m'mawa umenewo. Tili chikhalire, malata anayamba kunjenjemera. Inali ndege ija, ikunyamuka ulendo wake wa ku Ulaya. Ine, mwa chizolowezi, ndinadzuka msanga n'kuwatambasulira dzanja kuti ndiwathandize kupita pakhonde. Amayi sanadzutse n'komwe mutu. Anaswa mtedza wina, kutaya khoko pambali, ndege ikubangula pamwamba pa nyumba.

"Khala pansi, Elube," anatero. "Ipite. Mulibe wanga m'menemo."